Mafunso ndi mayankho: Chikondi cha Mulungu pa anthu osochera

Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe Akhristu amafunsa kawirikawiri pa maphunziro a Baibulo, m'milaga ndi m'miphakati, ndipo ena mwa iwo amafunsidwa monong'ona mapemphero atatha, anthu onse atabalalika. Ofunsawo ndi osiyanasiyana: alipo amene anagwa iwo eni, alipo makolo amene mwana wawo analowerera, ndiponso alipo amene akhala mumpingo moyo wawo wonse ndipo zimawavuta kumvetsa chifukwa chimene wobwerera amalandiridwira ndi nthungululu. Ndayankha monga momwe ndikuwamvera Malembo ndi monga ndaonera pa zaka zimene ndatumikira pakati pa Akhristu anzanga.

Kodi "chikondi chokhulupirika" cha Mulungu chikusiyana bwanji ndi chikondi chimene tonse timachidziwa?

Chipangano Chakale, chimene mbali yake yaikulu inalembedwa m'Chiheberi, chili ndi liwu lakuti hesed, limene limapezeka maulendo oposa 240, ndipo pafupifupi theka la maulendowo ndi m'Masalimo. Liwuli ndi lovuta kulimasulira, chifukwa lanyamula chifundo, kukoma mtima ndi kukhulupirika kwa munthu amene anachita pangano ndipo sakufuna kuliphwanya ngakhale mnzake wa panganolo walephera. Buku Lopatulika, lomwe linatuluka lathunthu mu 1922, limati "chifundo" m'malo ambiri, n'chifukwa chake ambiri a ife tinakula tikuvomereza kuti "pakuti chifundo chake n'chosatha" powerenga Salimo 136, m'mene mawuwa abwerezedwa ka 26, kamodzi pa vesi lililonse.

Chofunika kuchizindikira ndi nthawi imene Mulungu anadzitchula yekha ndi liwu limeneli. Pa Eksodo 34:6-7 akudziulula kwa Mose kuti ndi wachifundo, wachisomo, wosakwiya msanga ndi wodzala ndi chikondi chokhulupirika. Sanayankhule izi Aisraele atachita bwino ayi, koma atangosungunula ndolo zawo n'kupanga mwana wang'ombe wagolide m'tsinde mwa phiri lomwelo limene analonjezerapo kumvera. Chikondi chathu chimakonda kuyang'ana kaye ngati mnzathu akuyenera kukondedwa, pomwe cha Mulungu chimachokera mwa iye mwini ndi m'pangano limene anachita.

N'chifukwa chiyani nkhaniyi ikatchulidwa, alaliki amathamangira kwa mneneri Hoseya?

Chifukwa chakuti Hoseya sanangolalikira uthengawu ndi pakamwa, koma anaukhala m'nyumba mwake. Iye ananenera mu ufumu wa kumpoto wa Israele kuyambira m'masiku a mfumu Yerobowamu wachiwiri, zaka zoposa 700 Khristu asanabadwe, pamene dziko linali ndi chuma koma anthu ankapembedza Baala poganiza kuti ndiye amawapatsa tirigu, vinyo ndi mafuta. Mulungu anamuuza kuti akwatire mkazi wachiwerewere, ndipo iye anatenga Gomeri mwana wa Dibulaimu. Ana atatu amene anabadwa anapatsidwa mayina olemetsa: woyamba Yezireeli, wachiwiri Lo-Ruhama, kutanthauza "wosachitiridwa chifundo", ndipo wachitatu Lo-Ami, kutanthauza "si anthu anga". Ife Achewa tikudziwa kuti dzina la mwana limanyamula nkhani ya pakhomo, monga Mavuto kapena Tilekeni, choncho sizitivuta kumva kuwawa kwa bambo amene tsiku lililonse ankaitana ana ake kudzadya ndi mayina otere.

M'mutu wachitatu Hoseya akutumidwa kukakondanso mkazi wachigololo, amene ofotokoza Malembo ambiri amati ndi Gomeri yemweyo, ndipo anamuwombola ndi ndalama zasiliva 15 kuphatikizapo barele. Taganizani mwamuna akutuluka m'nyumba atasenza thumba la chakudya cha banja kuti akalipire mkazi amene anali wake kale, anthu a m'mudzi akuona. Kuno kwathu abale ake akanamukhazika pansi n'kumufunsa ngati anamudyetsa mankhwala. Komatu Mulungu akuti chithunzi chimenechi ndi chake.

Ine mutu umene umandigwira mtima kwambiri ndi wa 11, pamene fanizo likuchoka pa ukwati n'kupita pa kholo ndi mwana. Mulungu akukumbukira kuti ndi iye amene anaphunzitsa Efereimu, dzina lina la Israele wa kumpoto, kuyenda, kumunyamula m'manja ndi kuwerama pomudyetsa, koma mwanayo akamaitanidwa ndi pamene ankathawira kutali. Chiweruzo chikulengezedwa, kenaka pa vesi 8 mawu akusintha, Mulungu akudzifunsa kuti angamutaye bwanji Efereimu, popeza mtima wake ukukana. Chifukwa chimene akupereka pa vesi 9 n'chakuti iye ndi Mulungu, si munthu. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, ndipo Hoseya akutionetsa kuti kusochera kwathu kumamupweteka Mulungu. Chilango chinabweradi, pakuti Samariya, likulu la ufumuwo, anagwa m'manja mwa Asuri mu 722 Khristu asanabadwe, koma bukuli likutha ndi lonjezo la pa 14:4 lakuti Mulungu adzachiritsa kubwerera m'mbuyo kwawo ndi kuwakonda mwaufulu. Mayina a ana aja nawonso anatembenuzidwa pa 2:23, ndipo Paulo pa Aroma 9:25 ndi Petro pa 1 Petro 2:10 akunena kuti lonjezo limenelo lafika kwa ife amene kale sitinali anthu a Mulungu.

Amayamba ndani, wosochera kubwerera kapena Mulungu kumufuna?

Luka 15 ili ndi mafanizo atatu amene Yesu ananena Afarisi atadandaula kuti amalandira ochimwa ndi kudya nawo. Nkhosa imodzi mwa 100 siinapeze yokha njira ya kukhola, mbusa ndiye anaitsatira n'kuisenza pamapewa. Ndalama imodzi mwa 10 siikanatha ngakhale kulira, mayi ndiye anayatsa nyale n'kusesa nyumba yonse. Mwana wolowerera yekha ndiye anayenda ndi miyendo yake, komabe chimene chinamudzutsa pakati pa nkhumba chinali kukumbukira ubwino wa kwa bambo ake, ndipo akali kutali bambowo anamuona, nathamanga, namukumbatira asanamalize mawu amene anakonzekera m'njira.

Mabanja ambiri a kuno akulidziwa bwino fanizoli chifukwa cha matchona. Kuyambira nthawi ya Wenela kufikira lero, alipo amuna amene anapita ku Joni kapena ku Zimbabwe n'kukhala zaka zambiri osalemba kalata, osatumiza kanthu. Chimene chimawaletsa ambiri kubwerera si ndalama ya basi yokha, koma manyazi obwera chimanjamanja ndi mantha akuti kumudzi adzawafunsa chimene anapindula. Wosochera mwauzimu amakhalanso chimodzimodzi: amafuna atadzikonza kaye, atasiya mowa kaye, atapeza zovala zabwino kaye, kenaka adzaonekere kutchalitchi. Aroma 5:8 ikuchotsa maganizo amenewa ponena kuti Khristu anatifera tikali ochimwa. Choncho yankho langa ndi lakuti Mulungu ndiye amayamba, ndipo ngakhale kusowa mtendere kumene munthu amamva usiku akakumbukira moyo wake wakale wa pemphero ndi chizindikiro chakuti akufunidwa kale.

Kodi chiphunzitso chotere sichikupatsa anthu chilolezo chochimwa?

Funsoli ndi lakale ngati mpingo womwe, ndipo Paulo analiyankha pa Aroma 6:1-2 ndi mawu okana kotheratu. Munthu amene akuti "ndichimwe, Mulungu adzandikhululukira" sanamvetse kuti tchimolo ndilo likumupha, monga wodwala amene akumwa dala madzi oipa chifukwa chipatala chili pafupi.

Tiyeneranso kusiyanitsa kukhululukidwa ndi kufafanizika kwa zotsatira. Davide atatenga Bateseba ndi kuphetsa Uriya Mhiti, mneneri Natani anamuuza kuti Yehova wachotsa tchimo lake, komabe lupanga silinachoke m'banja lake, monga tikuwerengera pa 2 Samuele 12. Akuluakulu amati mlandu suola, ndipo chisomo sichitsutsana ndi mawu amenewa pa za anthu amene tinawalakwira. Zakeyu atalandira Yesu m'nyumba mwake analonjeza kupereka theka la chuma chake kwa osauka ndi kubweza kanayi kwa aliyense amene anamubera. Msungichuma amene anadya ndalama za gulu la banki m'khonde, ngati walapadi, ayenera kukhala pansi ndi anzakewo n'kugwirizana za kabwezedwe, ngakhale pang'onopang'ono. Bambo amene anabereka mwana kunja n'kumukana sangaimbe nyimbo za chikhululukiro mwamtendere mwanayo akusowa sopo ndi makope.

Ndalapa tchimo limodzimodzi kambirimbiri koma ndikugwabe. Kodi Mulungu sanatope nane?

Sanatope. Yesu amene anauza Petro pa Mateyu 18:22 kuti akhululukire m'bale wake mopanda kuwerenga sangakhale wouma mtima kuposa lamulo lake lomwe. Anthu akakuonani mwagwanso amati madzi saiwala khwawa, ndipo n'zoona kuti chizolowezi cha zaka zambiri chimakoka, koma mwambiwo ukunena za mphamvu ya chizolowezi, sukunena za malire a chifundo cha Mulungu.

Petro yemweyo anakana Ambuye katatu akuwotha moto wamakala m'bwalo la mkulu wa ansembe. Yohane 21 ikutiuza kuti Yesu atauka anasonkhanso moto wamakala m'mbali mwa nyanja, anawotcha nsomba, anawadyetsa ophunzira ake, kenaka anamufunsa Petro katatu ngati amamukonda, ndipo pa yankho lililonse anamupatsa ntchito yoweta nkhosa. Sanamufunse chifukwa chimene anachitira zimenezo ndipo sanamuuze kuti alumbire kuti sadzabwerezanso.

Komabe ndikupempheni chinthu chimodzi. Ngati mukugwera pamalo amodzimodzi, musamalimbane nokha mumdima. Yakobo 5:16 ikuti tiululirane machimo ndi kupemphererana. Pezani Mkhristu wokhwima amene amasunga chinsinsi, mumuuze, ndipo musinthe njira imene imakudutsitsani pamalo okugwetsaniwo. Pamene vutolo ndi la mowa kapena chamba chimene chagwira thupi, kupita kuchipatala sikusonyeza kuchepa kwa chikhulupiriro.

Nanga tchimo losakhululukidwa lija?

Pa Marko 3:28-30 Yesu ananena kuti wonyoza Mzimu Woyera sadzakhululukidwa. Ananena izi kwa alembi amene ankaona ntchito za Mulungu ndi maso awo n'kumanena mwadala kuti ndi za Belezebule, mkulu wa ziwanda. Kumeneku ndi kuumitsa mtima mpaka kukana Iye amene amabweretsa kulapa. Munthu amene akulira poopa kuti mwina anachita tchimo limeneli akuonetsa ndi misozi yakeyo kuti Mzimu akugwirabe ntchito mwa iye.

Ngati Mulungu sataya wosochera, n'chifukwa chiyani mpingo umadula anthu ku Mgonero?

Mipingo yathu imachita izi mosiyanasiyana. M'mipingo ngati CCAP nkhani imapita ku bwalo la akulu a mpingo, wolakwa amadulidwa kwa nthawi, amalangizidwa, kenaka amabwezedwa. Kwa Akatolika njira yaikulu ndi sakramenti la kulapa pamaso pa wansembe, ndipo amene ali m'tchimo lalikulu salandira Ukaristia mpaka atalapa. M'mipingo yambiri ya Chipentekoste wobwerera amaitanidwa kutsogolo kuti apemphereredwe. Cholinga chimene Malembo akupereka pa chilango ndi kubweza munthu. Agalatiya 6:1 ikuti wogwidwa m'cholakwa abwezedwe ndi mzimu wofatsa, ndipo pa 2 Akorinto 2:6-8 Paulo akuuza mpingo kuti chilango chimene munthu wina analandira chakwanira, tsopano amukhululukire ndi kumutonthoza kuti angamizidwe ndi chisoni chopitirira.

Mpingo unalimbana nalo funsoli kuno ku Africa kalekale. M'chaka cha 250 mfumu Decius ya ku Roma inalamula kuti aliyense apereke nsembe kwa milungu ya boma n'kulandira chikalata chaumboni, ndipo Akhristu ambiri anagonja chifukwa cha mantha. Mazunzo atachepa anafuna kubwerera. Novatian, wansembe wa ku Roma, anakana kuti anthu otere alandiridwenso, koma mabishopu amene anasonkhana ndi bishopu Cyprian ku Carthage, m'dziko limene lero ndi Tunisia, anagwirizana mu 251 kuti ogwawo akhoza kubwezedwa atalapa kwa nthawi yolingana ndi kukula kwa cholakwa chawo. Mpingo waukulu unatsata njira ya Cyprian.

Pamene timalakwitsa ife ndi pa zimene zimachitika munthu atadulidwa. Ndikukumbukira bambo wina wa kwathu amene anadulidwa chifukwa cha kuledzera. Lamulungu lililonse ankabwera mochedwa, n'kukhala pa benchi yomaliza pafupi ndi chitseko chipewa chili pamaondo, ndipo mdalitso usanathe ankatuluka kuti asakumane ndi anthu panja. Miyezi inapita popanda mmodzi wa ife akulu a mpingo kufika pakhomo pake. Amene anapita anali mayi wina wokalamba wa chigwirizano, amene ankangokhala pakhonde ndi mkazi wake kutongola chimanga, n'kupemphera nawo pochoka. Tsiku limene bamboyo anabwezedwa, manja ake ankanjenjemera polandira kapu, ndipo pambuyo pake anatiuza kuti akanaleka kubwera pakanapanda mayi uja. Mawu amenewo anatitsutsa, ndipo ine sindinawaiwale. Chilango chopanda kuyendera munthu chimasanduka kumuthamangitsa. Ndikuonanso kuti sichilungamo pamene mtsikana amene mimba yake ikuoneka amadulidwa msanga, pomwe mwamuna amene anamupatsa mimbayo akuimbabe mukwaya.

Kodi mkazi amene mwamuna wake akuyendayenda kapena kumumenya ayenera kupirira monga Hoseya?

Apa tiyenera kusamala kwambiri, chifukwa buku la Hoseya lagwiritsidwa ntchito molakwika pobwezera amayi m'manja mwa owazunza. Zimene Hoseya anachita zinali chizindikiro cha uneneri chimene Mulungu analamula munthu mmodzi pa nthawi yake, pofuna kuonetsa mtima wake kwa Israele. M'fanizolo ife tonse, amuna ndi akazi, tili pamalo pa Gomeri, ndipo pamalo pa Hoseya pali Mulungu. Silinaperekedwe ngati lamulo lakuti aliyense akhale pamene moyo wake uli pachiswe.

Kukhululuka ndi kwa Mkhristu aliyense, koma kubwererana kumafuna kulapa kooneka kwa wolakwayo. Alipo mabanja amene anachira pambuyo pa chigololo, mwamuna kapena mkazi atavomera, ankhoswe ndi abusa atathandiza, onse awiri atakayezetsa magazi, ndipo timayamika Mulungu chifukwa cha iwo. Koma pamene pali nkhanza, mayi ali ndi ufulu wochoka ndi ana ake kupita kumene angatetezeke. Malawi ali ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa. Kukanena kumeneko si kusakhululuka, ndipo nthawi zina ndi komwe kumamudzidzimutsa wozunzayo kuti aone kukula kwa tchimo lake.

Kodi chikondi chimenechi chimaoneka pati m'chipembedzo cha Lamulungu?

Chimaoneka pachiyambi pomwe. Misa imayamba ndi kuvomera machimo ndi kupempha kuti Ambuye atichitire chifundo, ndipo m'mipingo ya Chipresibeteriya ndi ya Anglican mulinso pemphero lolapa lotsatiridwa ndi mawu otsimikizira chikhululukiro. Zimenezi zikutanthauza kuti palibe amene amalowa m'tchalitchi ngati wolungama wodzaonerera ochimwa, popeza mbusa, mkulu wa mpingo ndi wa pa benchi yomaliza uja amanena mawu amodzimodzi. Pa Mgonero timalandira chikho cha pangano latsopano chimene Yesu anapereka usiku womwe anaperekedwa, kwa anthu amene Iye ankadziwa kuti amuthawa usiku womwewo. Nyengo ya Lenti, masiku 40 kuyambira Lachitatu la Phulusa, imaitana mpingo wonse kubwerera kwa Yehova ndi mawu a mneneri Yoweli 2:12-13, ndipo kuyambira m'chaka cha 2000 Akatolika amasunga Lamulungu lotsatira Pasaka ngati tsiku la Chifundo cha Mulungu.

Ndingachite chiyani tsiku ndi tsiku kuti ndisaiwale zimenezi?

Maliro 3:22-23 imati chifundo cha Yehova sichitha ndipo chimaoneka chatsopano m'mawa uliwonse. Mawuwa analembedwa polira Yerusalemu amene Ababulo anamuwononga, choncho ndi oyenera kunenedwa ngakhale m'mawa umene mwadzuka mtima uli wolemera. Anenereni musanagwire foni kapena khasu.

Madzulo, musanagone, bwererani m'tsiku lonse pamaso pa Mulungu: thokozani pa zabwino, tchulani cholakwa ndi dzina lake lenileni m'malo mongoti "ngati ndalakwa", kenaka werengani 1 Yohane 1:9 n'kukhulupirira zimene ikunena. Mawu akakusowani, mpingo wakale unasankha masalimo asanu ndi awiri a kulapa, omwe ndi 6, 32, 38, 51, 102, 130 ndi 143, ndipo limodzi pa tsiku limakwana sabata yathunthu. Pa mapemphero a banja, ana azimvako bambo kapena mayi akupepesa pamene alakwa, chifukwa mwana amene sanaonepo wamkulu akulapa amakula akuganiza kuti kulakwa n'kobisa. Tsiku limene mwagwa ndilo tsiku loyenera kupemphera koposa, ngakhale mtima ukukuuzani kuti mudikire kaye masiku atatu manyazi athe.

Mwana wanga anasiya kupemphera ndipo moyo wake ukuwonongeka. Ndatopa kumulangiza. Nditani?

Choyamba, musadziweruze mopitirira. Mulungu mwini, kholo lopanda cholakwa, akudandaula pa Yesaya 1:2 kuti analera ana koma anamupandukira. Ngati pali pamene munamulakwira mwanayo, mupepeseni, pakuti nthawi zina chimenecho ndicho chimatsegula khomo limene malangizo a zaka khumi analephera kutsegula.

Chachiwiri, kukonda mwana wosochera sikutanthauza kumulipirira chilichonse chimene akuwononga. Bambo wa m'fanizo la mwana wolowerera sanatumize ndalama ku dziko lakutali lija, koma sanatsekenso chipata, ndipo maso ake anali kunjira. Mukhoza kukana kumupatsa ndalama imene mukudziwa kuti ikathera ku kachasu, komabe n'kumuimbira foni, kumufunsa ngati wadya, ndi kumusungira mbale yake akabwera. Samalaninso abale ake amene anakhala pakhomo, chifukwa mwana wamkulu wa m'fanizo uja anali ndi bala lake, ndipo bamboyo anasiya phwando n'kutuluka panja kukamudandaulira iyenso.

Chachitatu ndi pemphero losaleka. Monica, mayi wa kumpoto kwa Africa m'dera limene lero ndi Algeria, analirira mwana wake Augustine zaka zambiri pamene iye ankatsata chiphunzitso cha Manichaeism, chimene mpingo unachikana, ndi zilakolako za unyamata, mpaka anawoloka nyanja kumutsatira ku Italy. Augustine anabatizidwa ndi bishopu Ambrose ku Milan pa Pasaka wa 387 ali ndi zaka 32, ndipo Monica anamwalira ku Ostia m'chaka chomwecho, asanaone mwana wake akukhala bishopu wa Hippo. Sindingakulonjezeni chaka chimene wanu adzabwerere, ndipo ndaikapo m'manda makolo amene anapita akudikirabe. Mlungu uno uzani anzanu awiri kapena atatu a m'mlaga kapena m'mphakati mwanu dzina la mwanayo, kuti masiku amene inu mwafooka iwo azilitchula pamaso pa Mulungu m'malo mwanu.